Foni Yotupa Mimba ya a Makiyi

A Makiyi sanabadwe ndi dzina limeneli. Anawapatsa ndi ana a pa sukulu ina yogonera komweko, komwe anagwirako ntchito yosunga katundu kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Munthu unkayamba wamva ngwelengwele kuseri kwa makalasi, kenaka eni ake n'kutulukira pakona, mtolo wa makiyi uli lende m'chiuno, thalauza litapendekera mbali imodzi chifukwa cha kulemera. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha. Ngakhale akazi awo, akafuna kuwaputa, ankawaitana lomwelo.

Chipinda chawo cha ntchito chinali chopanda zenera, chonunkha sopo ndi mankhwala a njenjete. M'mashelefu munali choko, matsache, mabulangete, mababu, ndowa, makope, chilichonse pamalo pake, chitayang'ana kukhomo. Kulowetsa katundu m'menemo kunali kosavuta. Kutulutsa ndiye inali nkhondo. Mphunzitsi akabwera kudzapempha choko, a Makiyi ankamuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Chija ndinakupatsani Lolemba chatha kale, aphunzitsi? Mukumadya?"

Chaka china sukuluyo inalandira mipira yachikopa khumi ndi iwiri. Ana anaiona ikutsitsidwa m'galimoto n'kuyamba kuvina, osadziwa kuti kuiona kwake n'komweko. A Makiyi anati bwalo lili ndi miyala, mipira yabwino chonchi ingakalike, idikire mpikisano waukulu. Mpikisano utabwera anati idikire wina wokulirapo. Atapuma pantchito, amene anawalowa m'malo anatulutsa mipira ija kuti aipope, ndipo yonse inang'ambika m'misoko, umodziumodzi. Nkhaniyo itawapeza kunyumba, a Makiyi sanagwedezeke n'komwe. Anangoti, "Koma anaipeza yonse khumi ndi iwiri."

Tisawanamizire, sanali munthu wakuba. Ngakhale kachidutswa ka sopo sanapite nako kwawo. Sanalinso woumira: wanjala akafika pakhomo pawo ankadya, wachibale akadwala iwo ndiwo ankayamba kufika. Matenda awo anali amodzi basi. Chinthu chatsopano chinkawamvetsa chisoni. Achibale amati zinayamba ali mwana, pomwe abambo awo anawagulira malaya oyera, oyamba m'moyo wawo osachita kusiyiridwa ndi mkulu wawo. Anawavala tsiku lomwelo, n'kukakodwa nawo pa waya wa mpanda asanafike ndi kusukulu komwe. Chichokereni pamenepo, akaona chinthu chili phuliphuli, mtima unkawawawa poganiza za mawa lake, ndiye ankachipulumutsa pochitsekera.

Ngakhale mkazi anamupeza chifukwa cha matenda omwewa. Ali mnyamata anagula nsalu ya suti, n'kuisunga zaka zitatu. Atapita nayo kwa telala wina wamkazi amene ankasoka pakhonde la sitolo, mtsikanayo anaitambasula padzuwa, n'kumusuzumira mnyamatayo kudzera pa mabowo a njenjete. "Achimwene," anatero, "ndikusokereni suti kapena sefa?" Suti sinasokedwe, koma chaka chisanathe awiriwa anali pabanja.

Kunyumba kwawo zinali chimodzimodzi ndi kusukulu. Masofa anakhala m'pulasitiki yomwe anabwera nayo kuchokera kusitolo. Nthawi yotentha mlendo akati adzuke, pulasitiki inkadzuka naye limodzi, n'kumusiya ndi kaphokoso kochititsa manyazi, ndipo mlendoyo ankayamba kufotokoza kuti si iye. M'kabati yagalasi munali makapu asanu ndi imodzi a maluwa abuluu, mphatso ya paukwati wawo. Pansi pa bedi panali nsapato zakuda zomwe akazi awo anawagulira popuma pantchito, zikadali ndi mapepala m'kati. Ukafunsa za chilichonse mwa izi, yankho linali limodzi: "N'za tsiku lalikulu."

Akazi awowo anali mayi wamfupi, wa pakamwa posauma. Zaka zonsezo sanakalipepo za pulasitiki. Iwo ankangoseka basi, ndipo kuseka kwawo kunkalasa kuposa kukalipa. "A Makiyi inu," ankatero uku akupalasa makina pakhonde, "tsiku lalikulu limeneli lidzabwera pa basi yanji? Mutiuze tikalichingamire, lingasochere." A Makiyi ankangoti, "Mudzaona," n'kupita kukagwedeza loko wa kabati kuti aone ngati ali bwino. Koma mayiwo anali atasulitsa kalekale kiyi wawowawo. Amuna awo akangotuluka pageti, ankatsegula kabati, kumwa tiyi m'kapu ya maluwa, kuitsuka, n'kuibwezera. A Makiyi ankadziwa, chifukwa chogwirira cha kapu imodzi chinkapezeka chayang'ana kumanzere pomwe zinzake zayang'ana kumanja. Ankachitembenuza mwakachetechete. Anakhala chomwecho zaka makumi anayi, ndipo ankakondana kwambiri.

Foni inalowa m'nyumbamo kudzera mwa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene amagwira ntchito kutali. Mwanayo anagulira amayi ake yaikulu, yosisita ija, koma abambo ake anawagulira kafoni kamabatani, podziwa kuti yabwino angoitsekera. Mayi aja foni yawo anaigwiritsa ntchito mopanda chisoni: nyimbo, zithunzi za madiresi, kuseka ndi makasitomala mpaka khutu kutentha. A Makiyi akalowa n'kuipeza ikulira, mawu awo oyamba, asanapereke ndi moni womwe, anali akuti, "Mukuitha moto foniyo."

Kenaka mayi aja anadwala, ndipo matendawo sanali ochedwa. Tsiku lina masana, ali gone kuchipinda, anatuma amuna awo kukagula mandimu. Pobwera, a Makiyi anawapeza akulowetsa dzanja pansi pa bulangete, akumwetulira ngati munthu amene wabisa kanthu. Madzulo ake mayiwo anawapatsa foni ija.

"Ndaikamo mawu anga," anatero. "Mudzamvere mukadzandisowa. Osati pano. Pano ndikadalipo, ndikutha kukunyozani ndekha."

Patapita masabata awiri anamwalira.

Anthu atabalalika pamaliro, a Makiyi anachita chimene manja awo ankachidziwa. Anaitchaja foniyo tsiku lathunthu mpaka inadzaza, poti iwo amati chinthu sasunga chili ndi njala. Anaizimitsa. Anaikulunga m'mpango wa malemuwo, mpangowo m'thumba la pulasitiki, thumbalo m'katoni yomwe foniyo inabweramo, katoniyo m'bokosi lachitsulo la maloko awiri. Bokosilo analikweza pamwamba pa wadiropu, pansi penipeni pa malata, kumene makoswe, chinyezi ndi manja a alendo sizikanafika. Nyumbayo inalibe siling'i, ndipo masana pamwamba pamenepo pankatentha moti ukagwira bokosilo unkabweza dzanja. A Makiyi anaona kuti ndi pabwino, pouma.

Mwana wawo akaimba ankafunsa. "Ababa, mawu a amayi aja mwamvera?"

"Nthawi yake sinakwane."

"Ndiye kuti simukuwasowa?"

"Ndikuwasowa, koma kusowa kwa chaka chino n'kwapakatikati. Kukubwera kwakukulu."

Anati adzamvera pakatha chaka. Chaka chitatha anati adzamvera pa ukwati wa mwanayo. Ukwati unachitika, iwo anapitako ndi nsapato zakale, ndipo pobwera anati tsikulo kunali phokoso. Mdzukulu atabadwa anati adikire akule, adzamve nawo mawu a agogo ake. Zonsezi zinali zifukwa chabe. Zoona zake n'zakuti a Makiyi ankaopa. M'foni muja munali mawu a akazi awo omwe iwo anali asanawamvepo, ndipo ankadziwa kuti akangomvera, sipadzakhalanso ena atsopano. Malinga bokosi linali lokiya, mayi aja anali akadali ndi choti anene.

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Makina osokera anakhala pakona atafunditsidwa nsalu. Zogwirira za makapu zonse zinkayang'ana kumanja m'mawa ndi madzulo, ndipo a Makiyi akadutsa pa kabatiyo ankayang'ana kumbali.

Lachiwiri lina m'mawa, tsiku lopanda chilichonse, anali kumwa tiyi m'kapu yawo yachitsulo yopindikapindika. Maso anagwera pa kabati, ndipo anakumbukira funso lija la basi. Mawu onse anawakumbukira bwinobwino, koma m'mutu mwawo ankamveka ndi liwu lawo lomwe, lachimuna, losasa. Anayesanso. Anatsinzina, kufuna kumva mmene mayi aja ankakokera "inu" uja akamati "A Makiyi inu". Kunali zii. Nkhope ankaiona, manja ali pa makina ankawaona, koma liwu linali litachoka osatsanzika. Tiyi anamusiya pomwepo. Mantha amene anawagwira sanawamvepo ngakhale tsiku la maliro.

Anakwera pampando, kutsitsa bokosi, kutsegula maloko onse awiri. Katoni, thumba, mpango. Chimene anapeza m'katimo sanachiyembekezere. Foni yomwe anaiika ili yopyapyala inali itatupa mimba. Chivindikiro cha kumbuyo chinali chitakanuka, sikirini itatukuka mbali imodzi, ndipo ataiika patebulo inkangogwedera. Anadina batani. Anadinanso, nthawi yaitali. Palibe chinayaka.

Anatenga tchaja, koma asanalumikize anaimbira kaye mwana wawo pa kamabatani kaja.

"Yatupa?" mwanayo anafunsa. "Ababa, chonde musaitchaje. Musaifinyenso. Pitani nayo kwa mayi uja wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera basi. Panopa, ababa, osati tsiku lalikulu."

Shopu ya mayi wa mafoni inali kakontena kofinyika pakati pa wometa ndi wokonza matayala. Kumanzere wayilesi ya wometa inali pamwamba, kumanja munthu ankamenya chitsulo ndi hamala. M'kati munali tebulo lodzaza mafoni otsegulidwa, timawaya, timisomali tosaoneka bwino ndi maso, ndi kautsi ka chowotcherera. Mwini wake anali wa msinkhu wa mwana wawo, magalasi awiri pamphuno, ena pamwamba pa anzake. Anadikira moleza mtima a Makiyi akumasula katoni, thumba, mpango. Ataiona foniyo anaiyang'ana cham'mbali, n'kufunsa osaseka n'komwe.

"Bambo, wodwala wathuyu ndi wa miyezi ingati?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi," a Makiyi anayankha. "Ndipo pasapezeke wonena kuti ndaiwononga ndine. Sinagwepo, sinanyowepo, sinayatsidwepo ngakhale kamodzi. Ndinaidzaza moto n'kuisunga pouma, pansi pa malata."

Mayi uja anavula magalasi apamwamba. "Munaidzaza, n'kuiika potentha, n'kuisiya zaka sikisi. Bambo, mukanakhala kuti munachita kufuna kuipha, simukanaposa pamenepa."

A Makiyi anaimika khosi. "Mayi, ine ndasunga katundu zaka makumi atatu ndi ziwiri. Inu musanabadwe n'kuti ine ndili ndi makiyi m'chiuno. Mukufuna mundiphunzitse kusunga?"

"Kusunga matsache ayi, pamenepo ndinu katswiri," anatero mayiyo uku akukanula chivindikiro pang'onopang'ono ndi kapulasitiki kopyapyala. "Koma batire si tsache. Mabatire a m'mafoniwa, a lithiyamuwa, amakalamba ngakhale ali chigonere. Mankhwala a m'kati mwakemo sagona, amangodyana pang'onopang'ono. Batire likakhala lodzaza kwambiri, amadyana msanga. Pakatentha, ndiye amachita kuthamanga. Chinanso, ngakhale foni ili yozima, moto umatsika wokha, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka kutheratu. Likakhala lopanda kanthu choncho kwa zaka, m'kati mumawonongeka, mumatuluka mpweya, ndiye mimba mukuionayi. Lanuli lalawa zonse, kukhuta, kutentha, kenaka njala."

"Ndiye likanasungidwa bwanji?" Anafunsa akuyang'ana panja, kuti zisaoneke ngati akuphunzira.

"Moto wa theka, osadzaza, osatheratu. Malo ozizirirapo, ouma. Pakapita miyezi ingapo, kuitulutsa, kuiyatsa, kuonjezera moto pang'ono. Chinthu chimenechi chimafuna kuchezeredwa, bambo. Ngakhale mutatero chimakalambabe, koma sichifika apa."

Anatulutsa batirelo mosamala, lili fufuma ngati kapilo, n'kukaliika m'chitini cha mchenga chomwe chinali panja pa khomo. A Makiyi anatambasula dzanja kuti awapatse akalisunge, poti linali la malemu. Mayiyo anawabweza dzanjalo. "Limeneli likabooka limayaka, bambo. Silipitanso pansi pa malata anu."

"Nanga mawu?" Apa liwu la a Makiyi linatsika. Anafotokoza zonse, za mandimu, za mpango, za m'mawa umenewo. Sanabise kuti liwu la akazi awo lawathawa m'mutu. Mayi wa mafoni anasiya nthabwala. Anati mawu sakhala m'batire, amakhala mbali ina, ndipo mwina akadalimo. Chofunika n'chakuti foniyo idzuke kaye.

Anavundukula madirowa atatu kufunafuna batire la mtundu wakale umenewo. M'dirowa yachitatu, pansi penipeni, analipeza limodzi, likadali m'pepala lake lomata. Nkhope ya a Makiyi inawala. Chatsopano, cha m'pulasitiki, chosakhudzidwapo: pamenepo ndiye anali kwawo. Mayiyo anang'amba pepalalo, kugunditsa batire pa timawaya ta kachipangizo koyezera moto, kuyang'ana manambala, n'kutsonya.

"Lafa nalonso. Linapangidwa chaka chimodzi ndi foniyi, ndipo lakhala m'dirowamu chikhalire."

A Makiyi, ndi chisoni chonsecho, analephera kudzigwira. "Ohoo. Ndiye kuti nanunso mumasunga."

"Ndagwidwa, bambo," mayiyo anaseka. "Tilipo awiri."

Panatsala njira imodzi. Pakona ya tebulo panali kabokosi ka magetsi kokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, kopatsira moto foni yopanda batire. Mayiyo anapotokola kabatani kake, kugunditsa nsonga za mawayawo pomwe batire limakhudza, n'kuzigwira ndi zala za dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo anadina. Kwa kanthawi kunalibe kanthu. Kenaka sikirini inaphethira, n'kuyaka theka lokha, theka linalo lili bii, mizere yobiriwira ikuthamangathamanga. Pa theka loyakalo panaoneka diso limodzi ndi tsaya la mayi aja, akuseka.

A Makiyi anakhala pabenchi asanauzidwe.

"Mwayi wake ilibe loko," anatero mayi wa mafoni.

"M'nyumba mwathu monse, chinthu chopanda loko chinali chimenechi."

Mayiyo anasisita ndi chala chaching'ono, sikirini ikumva mwa apo ndi apo, mpaka anafika pamene panali mawuwo. Kenaka anawayang'ana a Makiyi m'maso.

"Bambo, mvetserani. Kutupa kuja kwapinda zam'kati. Yadzuka inde, koma ikutentha pansi pa chala changa, ndipo ndikachotsa mawayawa sindikulonjeza kuti idzadzukanso. Kutumiza ikukana. Chomwe ndingathe n'kuika foni yanga pambali kuti ijambule pomwe iyi ikulankhula. Ndiye kuti mumvera pano."

"Pano?" A Makiyi anayang'ana mulu wa matayala, tsitsi lomwe mphepo inkauluza kuchokera kwa wometa, ndi malaya awo a pakhomo, osasita. "Lachiwiri? Mwana kulibe, mdzukulu kulibe. Taonani mmene ndavalira." Anadzuka. "Tiyeni titere. Inu jambulani ine nditatuluka. Ndidzamvera tsiku lake."

"Mungathe kutero. Koma yangayi ikapanda kugwira bwino, mawuwa ndikhala nditamva ine ndekha, mlendo, ndipo eni ake muli panja kuyang'ana matayala. Dzanja langa likutopa, bambo."

A Makiyi anaima pakhomo, phazi limodzi kunja, makiyi ali duu m'chiuno. Moyo wawo wonse unkawakokera panja. Koma anayesanso kamodzi kukumbukira liwu lija, ndipo m'mutu munali zii yemwe uja. Anabwerera n'kukhala pansi.

Mayiyo analankhula mokweza cha kukhoma. "Achimwene, tazimitsani kaye wayilesiyo. Inunso a matayala, mphindi zitatu zokha." Phokoso litatha, anaika foni yake pambali kuti ijambule. Anadina.

Kunamveka kukhosomola, kaphokoso ka bulangete, kenaka liwu lija, lofooka koma lomwe lija, ndi kukoka kwake komwe.

"A Makiyi inuuu. Ndi chaka chanji kumeneko? Musandinamize. Mwana ndamuuza kuti muisunga zaka zitatu, koma mtima wanga ukuti zisanu."

"Zisanu ndi chimodzi," a Makiyi anayankha mokweza, misozi ili kale m'masaya.

"Mverani, nthawi ndilibe, mandimu sagulitsa kutali. Makapu aja ndinkamwera, ndipo inu munkadziwa, musadzipangitse. Imodzi ili ndi mng'alu, ndinaibisa kumbuyo kwa zinzake chaka chomwe mwana anayamba sukulu. Imeneyo simunaigwire, ndakuposani. Kiyi wanga ali m'kadirowa ka makina. Pulasitiki ija chotsani, alendo atopa kunamiziridwa. Nsapato valani." Anakhosomolanso. "Tsiku lanu lalikulu lija musalidikirenso, bambo a mwana. Linkabwera madzulo aliwonse, wapansi, likulira ngwelengwele pageti, ine n'kutereka madzi a tiyi. Inu nokha ndi amene simunkaliona. Basi. Ndakumvani, mwafika, ndibise."

Chapatali m'foni muja munamveka makiyi, chitseko kutseguka, ndi liwu lachimuna, losasa, lodzidalira: "Mukuitha moto foniyo."

Mawu anathera pomwepo. Mayi wa mafoni anayesetsa kudzigwira, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno. Wometa, amene anali ataima pakhomo makina ali m'manja, anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. A Makiyi nawo anaseka uku akulira, mpaka anatsamira patebulo. Sikirini inaphethira kawiri n'kuzima. Mayiyo anayesa kuidzutsa katatu konse, koma sinayakenso.

Foni yake inali itajambula zonse, ngakhale yankho la a Makiyi lija linalowa nawo. Anafunsa ngati alichotsemo. Iwo anapukusa mutu. "Lisiyeni. Anafunsa, ndayankha." Mayiyo anawaikira mawuwo m'kamabatani kaja, n'kutumizanso kwa mwana wawo kuti asakhale malo amodzi.

"Ndikamamvera kawirikawiri, satha?" a Makiyi anafunsa akupinda mpango.

"Satha, bambo. Chimene chimatha ndi moto, ndiye muzikatchaja. Ndipo ndikadzamva kuti kalowa m'bokosi, ndidzabwera ndekha kudzathyola maloko."

Madzulo omwewo pulasitiki inachoka pa masofa. Inatenga ola lathunthu, chifukwa a Makiyi anakana kuing'amba. Anaimasula bwinobwino n'kuipinda, poti munthu sachira tsiku limodzi. Kiyi anamupeza m'kadirowa ka makina, atakulungidwa m'kansalu. Kapu ya mng'alu inali pomwe ananena. M'mawa mwake anatulutsa nsapato zija, kuchotsa mapepala, kuzipukuta, kuzivala. Anayenda monyadira kuchokera pakhomo kulowera kugeti, ndipo asanafike, zapansi zake zonse ziwiri zinanyenyeka ngati buledi wouma n'kutsala m'njira. Anaima atavala zapamwamba zokha, masokosi akugunda dothi. Anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana cha pakhonde pomwe makina ankakhala.

"Mwaonatu," anatero. "Ndavala."

Masiku ano anthu oyandikana nawo mawu aja amawadziwa pamtima, chifukwa a Makiyi makutu ayamba kuvuta ndipo amakweza mpaka kumapeto. M'mawa uliwonse amakhala pa sofa, tiyi ali m'kapu ya mng'alu, kamabatani kali patebulo, tchaja pambali pake. Mayi aja amafunsa za chaka, amawanyoza za makapu, amanena za geti. Kenaka makiyi amalira, chitseko chimatseguka, ndipo bambo uja wa m'foni amalowa ndi mandimu ake n'kunena kuti, "Mukuitha moto foniyo."

"Ithe," amayankha a Makiyi, n'kudinanso.